Odzaphunzitsa kumapiri azifunsa kaye mphunzitsi amene amupeza

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa maulendo amene achinyamata a m'mizinda ndi a m'mayiko olemera amapanga, opita kukaphunzitsa mongodzipereka m'sukulu za kumapiri. Masiku ano akutsatsidwa paliponse pa intaneti: ulipire ndalama zakutizakuti, ukakhale masabata awiri pamudzi wa pamwamba pa phiri, m'mawa uziphunzitsa ana Chingerezi, masana uziphunzira chikhalidwe cha eni mudzi, pomaliza ukwere pansonga ukajambulitse. Ine ndine mphunzitsi wopuma. Zaka zambiri za ntchito yanga zinathera pasukulu imene galimoto imakusiya kumunsi, kotsalako n'kukwera wapansi, ndipo alendo oterewa ndinawalandirapo. Sindidana nawo ayi. Koma ndaona kuti ulendo wotere umathandiza kapena kuwononga malinga ndi mmene wamuchitira mphunzitsi wa pamalopo, amene amatsala ndi ana alendo akapita.

Kusowa kwa aphunzitsi n'kwenikweni. Bungwe la UNESCO linanena mu 2024 kuti dziko lapansi likufunika aphunzitsi ena 44 miliyoni pofika 2030. Kumapiri vutoli limafika poipa, chifukwa mphunzitsi wa satifiketi akatumizidwako amayamba tsiku lomwelo kulemba makalata opempha kusamutsidwa. Nyumba palibe, chipatala chili kutali, mkazi kapena mwamuna wake wakana kumutsatira. Wotsalayo amagwira makalasi awiri kapena atatu m'chipinda chimodzi. Ndiye munthu akagogoda n'kunena kuti wabwera kudzathandiza kwaulere, ungamubweze bwanji?

Tsono taonani mmene masabata awiri aja amathera. Mlendo amafika atatopa, ndipo ngati mudziwo uli pamwamba kupitirira mamita 2,500, thupi lake limafuna masiku kuti lizolowere mpweya wochepa. Mutu umawawa, tulo sitibwera, chakudya sichilowa. Midzi yambiri ya kumapiri a Himalaya ku Asia ndi a Andes ku South America ili pamwamba kuposa pamenepo. Akadzuka bwino, amapeza kuti ana samva chilankhulo chake, iyenso samva chawo. Kawirikawiri ana a kumapiri amakhala kale pankhondo ya zilankhulo ziwiri: mwana wa Chikechua ku Peru amaphunzira m'Chisipanishi, mwana wa Chisherpa ku Nepal amaphunzira m'Chinepali. Mlendo wathu akubwera ndi chachitatu. Chimene amatha kuchita n'kuphunzitsa mayina a mitundu, manambala mpaka teni, ndi nyimbo yotchula ziwalo za thupi. Gulu lotsatira likafika, silidziwa zimene anzawo anaphunzitsa, limayambanso pomwepo. Ndinali ndi ana amene ankayankha “My name is” mokoma ngati wailesi, koma ndime ya mizere inayi osatha kuiwerenga. Nthawi yonseyi silabasi yaima, pamene tsiku la mayeso silisuntha.

Zimenezi n'zazing'ono poyerekeza ndi zimene zimamuchitikira mphunzitsi. Munthu amene wakhala pa bolodi zaka makumi awiri amasanduka womasulira wa mnyamata amene wangomaliza kumene sekondale, amene sanalembepo ngakhale pulani ya phunziro limodzi. Amakhala pampando wa kumbuyo, ana akuona. Mlendo amabwera ndi mpira, mabaluni, mapepala amitundumitundu, samakalipira aliyense, sapereka ntchito ya kunyumba, ndipo foni yake ana amaigwira mmene afunira. Akachoka, mphunzitsi uja amabwerera kutsogolo ndi choko chake ndi masamu ogawa. Mukuganiza kuti ana amuona bwanji? Makolo nawonso amayamba kunena kuti maphunziro enieni ndi amene anabwera ndi alendo aja. Mnzanga wina, mayi amene ankadziwa dzina la agogo a mwana aliyense m'kalasi mwake, anandifunsa tsiku lina ngati iye ali wosakwanira. Palibe mlendo amene anamunyoza. Anangomuiwala.

Ana aang'ono amachedwa kuzindikira kuti mlendo ndi mame. Amamukonda ndi mtima wonse, amamulirira pochoka, kenako amazolowera kuti aliyense amene wawakonda amapita. Pa nkhani ya ana pali china chimene okonza maulendo ambiri safuna kuchimva. M'mayiko amene alendowa amachokera, munthu sangaloledwe kukhala yekha ndi ana a sukulu asanafufuzidwe mbiri yake kupolisi. N'chifukwa chiyani lamulo limeneli limathera pabwalo la ndege? Dziko la Australia linafika povomereza mu 2018 kuti kusonkhanitsa ana m'nyumba za ana amasiye pofuna kukopa ndalama za alendo ndi mtundu wa ukapolo wamakono. Sukulu si nyumba ya ana amasiye, n'zoona, koma pamene pali ndalama za alendo pamabwera anthu ochita malonda ndi umphawi wa ana. Zithunzi nazo: nkhope za ana a eni zimaikidwa pa Facebook ndi Instagram popanda kholo lililonse kufunsidwa.

Pali njira ina, ndipo si yatsopano. Edmund Hillary, amene anakwera phiri la Everest pamodzi ndi Tenzing Norgay mu 1953, sanabwerere ku Nepal ndi maganizo akeake a zimene anthu akusowa. Asherpa ndiwo anamupempha sukulu, ndipo mu 1961 inamangidwa ku Khumjung, mudzi umene uli pafupifupi mamita 3,800 pamwamba. Mu 1966 panabwera chipatala m'mudzi woyandikana nawo wa Kunde, chimene kwa zaka zambiri chinkayendetsedwa ndi madokotala odzipereka ochokera ku New Zealand ndi ku Canada, mpaka chinadzakhala m'manja mwa dokotala wa Chisherpa. Alendo anagwira ntchito mpaka mwana wa pamudzi anakula n'kutenga mpando. Bungwe la VSO la ku Britain, limene linayamba mu 1958 potumiza achinyamata ongomaliza sukulu, linadzasintha n'kumafuna anthu odziwa kale ntchito yawo. A Peace Corps a ku America, kuyambira 1961, amakhala zaka ziwiri pamalo amodzi, ndipo amayamba aphunzira chilankhulo cha kumene akupita. Mabungwewa ali ndi zofooka zawo, koma anazindikira kuti chifundo chokha sichiphunzitsa mwana kuwerenga.

Sindikunena kuti amene ali ndi masabata awiri okha akhale kwawo. Mwa alendo onse amene anatipeza, amene ndimamukumbukira ndi mayi wina wachikulire, mphunzitsi wa sayansi kwawoko. Tsiku loyamba anapempha silabasi, nafunsa pamene tafika. Sanaime pa bolodi n'komwe. M'mawa ankakhala pakhonde ndi ana ochedwa kugwira zinthu, amene ife tinalibe nthawi yowasamala, akuwerenga nawo mmodzimmodzi. Ana akaweruka ankakhala ndi ife aphunzitsi, kutionetsa mmene tingaphunzitsire za magetsi ndi batire la tochi, waya ndi babu, ndi za kuthamanga kwa mpweya ndi botolo lapulasitiki. Ifenso tinamuonetsa mmene munthu mmodzi amagwirira makalasi atatu osasokoneza, ndipo analemba zonse m'kabuku kake, akuti kwawo sanaonepo. Zimene anatisiyira tinaphunzitsa nazo zaka zambiri, ndipo ana sanadziwe n'komwe kuti zinachokera kwa mlendo.

Pomaliza ndikhudze mawu akuti kusinthana chikhalidwe, amene amalembedwa ndi zilembo zazikulu pa zotsatsa zonse. Kusinthana kwake kuti? Ana amachotsedwa m'kalasi kuti akavinire alendo, amayi amaphika, akuluakulu amafotokoza mbiri ya mudzi, mlendo amabwerera kwawo ndi zolemba pa CV yake. Koma ndani wa paphiripo amene anapitako kwa mlendoyo? Mlendo amalowa m'dziko ndi chidindo cha pabwalo la ndege, pamene mphunzitsi wa kumapiri akafuna viza yopita kumeneko amafunsidwa za ndalama za kubanki zimene alibe. Ndalama ya tikiti ya ndege ya mlendo mmodzi, m'mayiko ambiri osauka, ikhoza kulipira mphunzitsi wa pamalopo miyezi ingapo.

Choncho kwa masukulu, mipingo ndi makampani amene amakonza maulendowa, pempho langa ndi ili. Musanagulitse mpando ngakhale umodzi, lemberani mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo mumufunse ngati akufuna alendo, mwezi uti, ndipo adzachite chiyani. Akakana, muvomere. Muonetse poyera kuti pa ndalama zimene mlendo walipira, zingati zafika pasukulupo. Ndipo pa magulu angapo amene mwakweza phiri, mutsitseko mphunzitsi mmodzi, mumulipirire ulendo akakhale sabata m'kalasi mwanu, ana anu akamufunse mafunso.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wopuma