Za ulendo wako wa ku Karonga

Tadala mwana wanga,

Uthenga wako ndaumva. Ndati ndikulembere bwinobwino chifukwa pa foni timangodulana mkamwa, iwe kwako phokoso la ku ofesi ine kuno netiweki yodukaduka, nde zenizeni sizikambidwa. Wati abwana ako akuti usankhe wekha, kaya ukakhale pa boma ku Karonga mwezi wonse wa Novembala mpaka mumalize kalembera wa alimi a mpunga uja, kaya ukakhale ku Mzuzu komwe kuli anzako uzingotsika ndi galimoto ya ku ntchito. Ndipo wati Karonga sunapondeko, zonse ukudziwa ndi za m'maluwa.

Ine ndikuti kakhale ku Karonga konko. Koma usavomere poti anena ndi mayi ako, ndikufuna uone mmene ndafikira pamenepo chifukwa mawa adzakutumanso kwina ine ndili kutali.

Malo okakhalako mwezi umodzi sayezedwa mofanana ndi malo okamangako nyumba. Sukufuna puloti, sukufuna sukulu ya ana, olo kuwakonda malowo sikofunika nkomwe. Chimene uyenera kuchiona m'maganizo ndi tsiku wamba, tinene Lachitatu lopanda chilichonse, wadzuka pati, madzi osamba achokera kuti, kuti ukafike kwa alimiwo utenga maola angati, thupi likatentha usiku uthamangira kuti, ndipo kuno kunyumba kutagwa zovuta galimoto ungaipeze m'mawa womwewo? Ukayankha zimenezi basi, zinazo nzokometsera. Zithunzi za pa Facebook zija za dzuwa likutuluka pa nyanja nzokongola ndithu, koma Lachitatu lako mulibemo.

Tiyambe ndi Mzuzu amene akukukokayo. Ndikudziwa, kuli anzako, kumazizira bwino, masitolo akuluakulu alipo. Koma kuchoka ku Mzuzu kukafika ku Karonga ndi makilomita oposa 200, ndipo pakati pali Chiweta, msewu wokhotakhota uja wotsika phiri kulowera ku nyanja, kumene mathiraki a mafuta ndi a malasha amayenda ngati akuwerenga miyala. Imodzi ikangofera pa kona nonse mwaima. Olo utanyamuka 4 koloko m'bandakucha, ukafika ku masikimu a mpunga a Hara kapena Wovwe dzuwa litakwera kale alimi atabwerera kukabisala m'mithunzi, nanga Lufilya ndiye mpaka udutse pa boma kulowera cha ku Songwe. Madzulo ubwererenso msewu womwewo mumdima. Sabata imodzi yokha msana udzakana ndipo dalaiva adzayamba kukukwiyira. Ukakhala pa boma, Hara ndi Wovwe zili kumwera kwako, Lufilya kumpoto, iwe pakati. Anzakowo ukawaone Loweruka limodzi, zakwana.

Chimene chingakugonjetse ku Karonga ndi mwezi umene ukupitawo. Amene anapitako mu Juni adzakuuza kuti kamphepo ka nyanja nkokoma, amene anapitako mu Malichi kapena Epulo adzakuuza za mtsinje wa North Rukuru utasefukira ndi matope a m'mawondo, ndipo onse akunena zoona. Nde ukamafunsa munthu za malo uzimufunsanso kuti inu munapitako mwezi wanji. Novembala ndi chilimwe chenicheni, masana malata amalira okha, usiku khoma limatulutsabe moto umene linamwa masana, umagona utathira madzi pa simenti. Iwe amene umadandaula kale ndi Okutobala wa ku Area 25 kkkk. Sindikukuopseza ayi, anthu akukhala konko ndipo akunenepa, kungoti nkhani yonse yagona pa chipinda chimene usankhe.

Pamenepa ndiye undimvetsetse. Usalipire mwezi wonse uli ku Lilongwe, olo akutumizire zithunzi zokongola bwanji pa WhatsApp, olo anene kuti mukalipiriratu tikuchotserani. Lipira masiku awiri okha pa loji iliyonse yooneka bwino cha pa raundabauti, ika chikwama, kenako yenda wekha. Derali ndi lathyathyathya, makabaza a njinga zakapalasa ali ponseponse, tsiku limodzi umaliza kuona malo anayi kapena asanu.

Ukalowa m'chipinda manyazi uwasiye pakhomo. Tsegula mpopi wa kubafa uone ngati madzi akutuluka, ndipo ukaona ndowa ziwiri zodzadza zaikidwiratu pakona dziwa kuti madzi amabwera akafuna okha, funsa nthawi yake. Tukula matilesi uyang'ane m'misoko, ukaona timadontho takuda ndi nsikidzi zimenezo, thokoza mwaulemu utuluke. Tambasula neti uiyang'anire ku windo, bowo lolowa chala limakwanira udzudzu wa boma lonse. Yatsa fani umve kulira kwake, ufunse kuti magetsi akathima amatani, kaya ali ndi jenereta kaya sola kaya amangokupatsa kandulo ndi pepani. Yang'ana kudenga, chipinda chopanda siling'i mu Novembala ayi ndithu. Mawindo akhale mbali ziwiri kuti mphepo izidutsa, chitseko chikhale ndi chitsulo chokhomera mkati osati loko yekha amene kiyi wake wina ali ku risepishoni. Uyang'anenso makoma. Mu Disembala 2009 kunachita zivomezi zotsatizana kumeneko, nyumba zambiri zinagwa zina zinang'aluka, ndipo kumata mng'alu nkupaka penti sikuvuta. Mng'alu wochoka pa kona ya windo kukafika kudenga ine sindiukhulupirira.

Malo akakusangalatsa usavomere pompo, bwererakonso cha m'ma 8 usiku. Pamene masana panali zii umapeza kuseri kwake kuli bala ya masipika akuluakulu, kapena ndi pamene amagona madalaivala a mathiraki ochokera ku bodala, anthu kulowa kutuluka mpaka tambala. Masana zimenezi sizioneka. Ndipo womufunsa si manijala, manijala ntchito yake nkukuuza kuti zonse zili bwino. Funsa mayi wochapa zofunda uja, kapena mlonda, umugulire Fanta mucheze pang'ono, adzakuuza ngakhale chipinda chimene chimadontha.

Udzakopeka kukagona m'mbali mwa nyanja cha ku tauni yakale, kuli kamphepo ndipo maso amapuma. Ngati alawansi ikukwana ndipo galimoto ya ku ntchito ivomera kumakutenga kumeneko palibe vuto. Ungofunsa kuti madzi anafika pati nyanja itakwera mu 2024, poti chaka chimenecho malo ogona ambiri a m'mbali mwa nyanja m'dziko muno analowa madzi, ndipo pamene madzi anaimapo zimbudzi ndi zitsime zake zimakhala zokayikitsa. Udzudzu nawo kumeneko ndiye kwawo.

Malungo usawaseweretse Tadala. Iwe wakulira m'tauni, thupi lako silinalimbane nawo mmene amachitira ana a kunyanja. Tenga neti yakoyako olo akuuze kuti ilipo, tenga mafuta othamangitsa udzudzu, ndipo mutu ukangoyamba ndi kuphwanya m'thupi usati ndi dzuwa, kayezetse tsiku lomwelo. Chipatala chachikulu chili pa boma pomwepo, tsiku loyamba udziwiretu njira yake ndipo usunge nambala ya wanjinga yamoto mmodzi wodalirika amene angadzuke usiku. Madzi akumwa ugule a m'botolo kapena uziwiritsa, ukukumbukira mmene kolera ya 2022 ndi 2023 inavutira m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Kusamba m'nyanja sindikuletsa, wakula, koma samba pamene eni dera akusamba, osati pamene mtsinje ukuthira m'nyanja kapena m'mabango, ng'ona zilipo ndipo likodzo limakonda madzi odikha omwewo.

Potulukira sipovuta. Maminibasi a ku Mzuzu amanyamuka pa depoti tsiku lonse, mabasi a ku Lilongwe aliponso, kungoti ndi pafupifupi makilomita 600 nde uwerengere tsiku lathunthu kapena usiku wonse. Mabanki alipo, maejenti a Airtel Money ndi Mpamba ali mbwee pa boma, koma ukamalowa kumidzi tenga kashi ndi malaini onse awiri poti pena ina imagwira inzake itafa. Ndalama ya basi yobwerera uiike payokha, usaikhudze olo utaona chitenje chotani.

Zimene akukuuza anzako za ufiti ndi zoti anthu ake ndi aukali, zisiye. Boma lililonse m'Malawi muno lili ndi mbiri imene anaipeka a maboma ena, ife a ku Dedza amatinenanso zathu ndipo umazidziwa. Nthawi imene ndinkapikula mpunga kumeneko ndinkagona m'makomo mwa anthu amene sitinali pachibale chilichonse, matumba anga ankagona pakhonde pawo osasowa ndi limodzi lomwe. Chofunika nkulowa mwaulemu. Chichewa ambiri amamva, makamaka pa boma, koma zilankhulo zawo ndi Chinkhonde ndi Chitumbuka, cha ku Songwe umamvanso Chiswahili. Phunzira moni wawo sabata yoyamba, olo uzilakwitsa adzaseka nkukukonza ndipo mwayamba kale kucheza. Chimene amadana nacho ndi munthu wofika nkumalankhula Chichewa mokweza ngati aliyense ali ndi ngongole yomuyankha, ndipo chifukwa ali nacho, mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'masukulu, kwa akuluakulu ena bala limenelo silinapole. Kumidzi uvale chitenje, ndipo musanayambe kufunsa alimi mafunso anu a pa tabuleti mudzere kwa mfumu. Ufumu kumeneko ndi wolemera, mfumu yaikulu ya Ankhonde ndi a Kyungu, ndipo nyakwawa imene mwailumpha ikhoza kukuimitsirani ntchito sabata yathunthu osakweza mawu nkomwe.

Upezenso munthu mmodzi wokudziwa dzina amene si wa ku ntchito kwanu. Kosavuta ndi ku tchalitchi. Tenga kalata kwa abusa usananyamuke, ife ndi a Nkhoma kumeneko ndi Livingstonia koma CCAP ndi yomweyo, ukaimirira pa nthawi ya alendo basi amayi a Umanyano akudziwa, ukadwala phala lidzabwera.

Mlendo wa mwezi umodzi chimene chimamutopetsa kwenikweni ndi Lamlungu masana, ntchito palibe, anzako a ku ofesi agona, chipinda chatentha, nde ndi pamene munthu amayamba kuyankha mafoni a anthu osafunika. Ndimayang'ananso chimenechi posankha malo, kuti kodi kuli kopita masana kopanda mowa. Ku Karonga kulipo. Pa boma pali myuziyamu imene inatsegulidwa mu 2004, mkati mwake muli chigoba cha Malawisaurus, chinyama chachikulu chimene chinkayenda m'dera limenelo zaka zoposa mamiliyoni 100 zapitazo, ukaima pansi pake khosi limawawa. Amafotokozanso za chibwano cha munthu wakalekale chimene anachifukula ku Uraha mu 1991, cha zaka zoposa mamiliyoni 2, ndi za Mlozi uja munkaloweza ku pulayimale, wogulitsa akapolo amene anamanga linga lake ku Mpata nkudzapachikidwa mu 1895. Kulinso manda a asilikali amene anafa pa nkhondo ya Angelezi ndi Majeremani mu Seputembala 1914. Bodala ya Songwe ili pa makilomita pafupifupi 45, ukafuna kukaona msika wa ku Kyela ku Tanzania tenga pasipoti yako ndipo upite ndi munthu wa konko, usakasinthe ndalama wekha ndi anyamata okuzungulira anayi nthawi imodzi aja, amawerenga mofulumira kuposa maso ako. Zakudya ndiye sudzadandaula, ulaweko mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama, ndi chambiko, ndi usipa wongovuulidwa kumene osati wouma timagula kunowu.

Kwa abwana ako unene chonchi, kuti ukakhala ku Karonga koma akupatse masiku awiri oyamba ofunira malo, ndipo alawansi ya malo ogona akupatse m'manja osati akusungitsire okha chipinda chimene sanachione. Akavuta pamenepo undiuze tiganize zina.

Pobwera unditengere Kilombero, thumba la makilogalamu 25 likwana. Novembala mtengo umakhala utakwera poti anakolola kalekale, usadabwe, ndipo nthawi imeneyi ndi imene ena amasakaniza ndi mpunga wina. Usagule wa pamwamba pa thumba umene akukuonetsawo, pisa dzanja mpaka pakati, utape, uufikise m'manja nkununkhiza. Weniweni amanunkhira asanaphikidwe ndipo njere zake ndi zazitali zofanana, ukaona zina zazifupi zonenepa zasakanikirana pita kwa wina. Bola ugule kwa alimi omwe ukawalembewo, ku chigayo konko, uone akukupunthira. Ndalama yake ndikutumizira pa Mpamba ukangofika.

Ndine mayi ako.