Mzinda wa Hue si wokaona tsiku limodzi

Akonzi,

Zikomo pondipatsa kampata aka. Ndawerenga nkhani yomwe munatulutsa sabata yatha ya malo okaona ku Vietnam, inali bwino ndithu koma pali pamodzi pomwe sindinagwirizane napo, pomwe wolemba wanu akuti munthu akakhala ku Da Nang atha kulawirira m'mawa kukaona mzinda wa Hue madzulo nkubwerera kukagona ku Da Nang konko. Kutheka zimatheka inde, ineyo ndinayesa, nde nchifukwa chake ndikulemba kuti wina asaonongenso ndalama zake chonchi.

Ine ndinapita ku Da Nang kumsonkhano wa kuntchito mu Okutobala, msonkhano utatha ndinatsala ndi masiku atatu ndege isanakwane, anzanga akuti tiyeni ku Hue mawa ndi pompa makilomita 100 basi. Tinalipira kakampani kena ka maulendo, dzina sinditchula. Basi inatitenga 7 koloko koma inayamba kaye kuzungulira mahotela kutola anthu ngati minibasi yosaka makasitomala, kufika ku Hue nkuti ili cha m'ma 11, mvula ili pwatapwata. Wotiperekeza uja anali ndi kambendera m'manja, pena paliponse tikatsika mawu ake amodzimodzi, mphindi 40 mukhale mwabwera pa basi. Abale, mphindi 40 pamalo pomwe mafumu 13 a banja la Nguyen analamulira dziko kuyambira 1802 mpaka 1945?

Linga lakunja lokha la mzinda wa mafumuwo kulizungulira ndi makilomita pafupifupi 10, kunja kwake kuli ngalande yamadzi, mkati muli linga lina la nyumba zachifumu, mkati mwa limenelo mulinso lina momwe munkakhala mfumu ndi akazi ake, mwamuna wamba samapondamo. Mumalowera pa chipata cha Ngo Mon, ndipo ndi pomwepa pomwe mfumu yomaliza Bao Dai inatula pansi ufumu mu Ogasiti 1945, kupereka lupanga ndi chidindo kwa nthumwi za boma latsopano la Ho Chi Minh. Ife tinangodutsapo tikuthamanga ndi maambulera, wina kujambula chithunzi, tiyeni tiyeni.

Chomwe chinandipangitsa kusintha maganizo ndi khoma lina chakumbuyo, njerwa zake zakuda ndi ndere, lili maenjemaenje. Ndinaika chala mu bowo limodzi chinalowa chonse. Ndi zipolopolo za mu 1968, nthawi ya Tet, chikondwerero chawo cha chaka chatsopano, pomwe asilikali a kumpoto kwa Vietnam ndi zigawenga zogwirizana nawo za Viet Cong analanda mzindawu ndipo a America ndi a kummwera kwa Vietnam anamenya nkhondo pafupifupi mwezi wathunthu kuti aulandenso, nyumba ndi nyumba. Nyumba zambiri zachifumu zinapita pamenepo, zina zinali zitapsa kale mu 1947 nthawi yolimbana ndi Afalansa, nde mukamayenda mkatimo pena mumangopeza udzu ndi maziko okha, pena nyumba yowala yofiira yomwe aimanganso chaposachedwa, poti bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wake wa malo a mbiri oyenera kusungidwa mu 1993 ndipo mpaka pano akukonzabe. Ndili chiimire pakhoma paja foni ikulira, basi ikunyamuka. Ndinangomuuza mkulu uja kuti pitani, ine ndigona konkuno. Anandiyang'ana ngati ndapenga, ndalama yobwerera sanandibwezere komanso sindinaifunse.

Kachipinda ndinakapeza kutsidya la mtsinje wa Huong, azungu amati Perfume River, ukangowoloka mlatho wa Truong Tien mahotela ang'onoang'ono ali mbwee ndipo si odula.

M'mawa mwake ndinaitana njinga yamoto pa Grab, app ya pa foni, kabaza wa kumeneko amabwera ndi chipewa chako chomwe, nkupita ku manda a mafumu omwe ali kunja kwa tauni m'mapiri, uku amodzi uku ena, ndipo apa mpomwe a tsiku limodzi amaluza kwambiri chifukwa amangoonetsedwa amodzi. Musaganize manda ngati athuwa. A mfumu Tu Duc ndi munda wathunthu wa mitengo ya paini, dziwe, tinyumba topumiramo, mwini wake ankabwera kudzakhalako ali moyo kumalemba ndakatulo, munthu wa akazi oposa 100 koma mwana wobereka yekha analibe ndi mmodzi yemwe. A Khai Dinh ndi osiyaniratu, anawamanga kuyambira 1920 mpaka 1931 ndi simenti, kunja kwake kwakuda bii ngati kunapsa, masitepe 127 kukwera, ine mawondo anga anadandaula. Koma ukalowa mkati umaiwala kutopa. Makoma onse anamata tizidutswa ta mbale zadothi ndi magalasi osweka kupanga maluwa, nsungwi, zinjoka, ukayandikira umachita kuona kuti tsamba ili linali botolo. Ndinakhala mmenemo ola lathunthu palibe wondiimbira foni.

Masana ndinapita ku kachisi wa Thien Mu m'mphepete mwa mtsinje, wakale kuposa linga lija poti anayamba mu 1601, ali ndi nsanja ya nyumba zisanu ndi ziwiri zosanjikizana. Anthu ambiri amajambula nsanjayo nkubwerera, koma kuseri kuli galimoto yakale ya Austin, yomwe inanyamula mmonke Thich Quang Duc kupita pamphambano ina ku Saigon mu 1963 komwe anakadzitentha ndi petulo potsutsa nkhanza za boma kwa Abuda. Ili phee mu shedi, dzimbiri likuidya pang'onopang'ono. Amayi nyamulani chitenje m'chikwama, m'makachisi safuna mawondo ndi mapewa pamtunda, azibambo a makabudula nanunso chimodzimodzi.

Za kudya musavutike ndi malesitilanti a alendo. Khalani pa kampando ka pulasitiki kafupi ngati ka ana a ku nasale muitanitse bun bo Hue, msuzi wa ng'ombe wa tsabola ndi lemongrass wokhala ndi manudozi, pambali mbale ya masamba osaphika ndi kandimu. Mayi yemwe anandigulitsa kufupi ndi msika wa Dong Ba sankadziwa chizungu olo liwu limodzi, mtengo anachita kundilembera pa foni. Pamenepo ndiye chenjerani, ndalama yawo ya dong ili ndi maziro ochuluka ndipo ya 20,000 ndi ya 500,000 zonse ndi zabuluu, ine ndinapereka yaikuluyo, mayiyo nkundimenya kadzanja akuseka kundibwezera.

Chinanso chomwe nkhani yanu sinatchule ndi nyengo. Okutobala ndi Novembala ku Hue kumagwa mvula yoopsa, mtsinje umasefukira mpaka misewu kumira, ine ndinachita mwayi kuti inali yongonyowetsa. Ngati tsiku mukusankha nokha pitani pakati pa Febuluwale ndi Epulo, chifukwa cha m'ma Juni ndi Julayi kumatentha ngati ku Nsanje mu Okutobala kuonjezera chinyontho. Viza yake mumafunsira pa intaneti, kuyambira mu Ogasiti 2023 anatsegulira anthu a maiko onse mpaka masiku 90, ingopangani nthawi ikadalipo musadikire sabata yonyamuka.

Nde pempho langa akonzi, wolemba wanu akonze pamenepo, awauze anthu kuti ku Hue agoneko masiku awiri, tsiku limodzi la linga lina la manda ndi kachisi, ndipo pobwerera ku Da Nang akwere sitima osati basi. Njanji yake imakwawa m'mbali mwa phiri la Hai Van nyanja ili m'munsi, ulendo wa maola ngati atatu, pogula tikiti mupemphe mpando wa pawindo mbali ya kunyanja. Ine anandipatsa wa mbali ya kuphiri, ndinayenda choimirira pakhonde njira yonse.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe