Tisanyalanyaze chilankhulo cha kumene tinakwatiwa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi Amalawi anzanga amene akwatira kapena kukwatiwa kunja, makamaka m'mayiko amene anthu ake salankhula Chingerezi pakhomo. Ine ndinakwatiwa ku Croatia, ndipo ndaona kuti ambiri mwa ife timadzinamiza kuti poti mnzathu wa m'banja amamva Chingerezi, palibe chifukwa chovutikira ndi chilankhulo cha kwawo. Maganizo amenewa amatisiya tili alendo pakati pa abale omwe tinalowa m'banja mwawo.

N'zoona kuti achinyamata ambiri a ku Zagreb, likulu la Croatia, amalankhula Chingerezi, koma banja silikhala la achinyamata okhaokha. Apongozi anga amakhala kumudzi m'dera la Zagorje, kumpoto kwa Zagreb, ndipo Chingerezi sachidziwa. Tikamakulunga sarma, chakudya cha nyama yogaya ndi mpunga, m'masamba a kabichi wowawasa pokonzekera Khrisimasi, mwana wawo sakhala kukhitchini kuti azitimasulira, ndipo ngakhale akanakhalapo, pali nkhani za matenda, za ana ndi za maliro zimene mayi amauza mayi mnzake popanda mkhalapakati.

Kuwerenga chilankhulo cha ku Croatia sikuvuta kwenikweni kwa munthu wodziwa Chichewa, chifukwa zilembo zake 30, zomwe maziko ake anayala katswiri wa chilankhulo Ljudevit Gaj m'zaka za m'ma 1830, zimatchulidwa monga momwe zalembedwera. Khutu lokha ndi limene limachedwa kusiyanitsa č ndi ć. Povuta penipeni ndi pa mayina, poti ife tinazolowera kusintha mawu kumayambiriro pomwe iwo amasintha kumapeto, ndipo dzina limodzi limasinthasintha motsatira ntchito zisanu ndi ziwiri zimene lingagwire m'chiganizo. Mzinda ndi Zagreb, koma ukakhala mumzindamo umati u Zagrebu, ukamachokerako umati iz Zagreba. Nayo miyezi ili ndi mayina akeake, moti munthu akapatsidwa tsiku lokaonana ndi dokotala mu siječanj, ayenera kudziwa kuti akunena Januwale. Komabe ulemu wawo ife sutivuta, chifukwa amasiyanitsa ti ndi Vi monga momwe timasiyanitsira iwe ndi inu, ndipo wokulira pa mwambo wathu sangayerekeze kunena apongozi ake kuti iwe.

Langizo langa n'lakuti tisasenzetse mwamuna kapena mkazi wathu uphunzitsi wonse. Munthu wobadwa ndi chilankhulo amadziwa kuti walakwitsa koma sangakufotokozere chifukwa chake, ndipo akatopa ndi ntchito amabwerera ku Chingerezi kuti nkhani ifulumire. Ku yunivesite ya Zagreb kuli malo otchedwa Croaticum, amene akhala akuphunzitsa alendo chilankhulochi kuyambira mu 1962, ndipo m'kalasi yotero munthu wamkulu amalakwitsa popanda manyazi pakati pa anzake ochokera m'mayiko ena. Koma kalasi payokha sikwanira, chifukwa imaphunzitsa chilankhulo cha m'mabuku chozikidwa pa kalankhulidwe kotchedwa štokavski, pamene anthu a ku Zagorje amalankhula kajkavski ndipo m'madera ena a kunyanja amalankhula čakavski. Zotsalazo munthu amatola pokhala pansi ndi akuluakulu n'kumawamvetsera.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ana. Akangoyamba sukulu ya mkaka, chilankhulo cha dzikolo amachigwira msanga, ndipo kholo lomwe lidakadalira Chingerezi limayamba kuphonya zimene mwana wake akukambirana ndi agogo ake, ndiponso zimene aphunzitsi akunena pa msonkhano wa makolo. N'chifukwa chake ndikupempha amene ali pa chibwenzi ndi anthu a kumeneko kuti ayambe kuphunzira asanasamuke, ndipo agwirizane ndi anzawowo kuti nawonso aphunzire Chichewa, kuti podzacheza kumudzi athe kupatsa moni makolo athu ndi kucheza nawo okha.

Wowerenga wanu,
Zagreb, Croatia