Kwa mlenje wa mawa ku Fort McMurray

Winnipeg, Epulo

Achimwene,

Kalata yako ndalandira. Nditafika pamzere wakuti anzako a kuntchito akutenga kukasaka zimbalangondo ndi nyambo, ndinayamba ndaika pepala pansi. Iweyo? Amene tambala wa agogo ako ankakupirikitsa mpaka kuseri kwa nkhokwe? Alamu akudziwa, kapena wawauza kuti mukukawedza? Chabwino, wafunsa wekha. Koma uwerenge mpaka kumapeto, osati mmene umachitira ndi mauthenga a pagulu lathu la WhatsApp lija.

Mapepala kaye. Mfuti imafuna PAL, laisensi yokhalira ndi mfuti, ndipo boma la Alberta limafuna kuti mlenje watsopano akhale atachita maphunziro a ulenje, ali ndi nambala ya mlenje yotchedwa WIN komanso laisensi ya chimbalangondo chakuda. Nyambo siloledwa paliponse. Chigawo chanucho anachidula m'madera a ulenje otchedwa WMU, ena amalola ena ayi, ndipo mukangodumphira ku British Columbia nyambo ya zimbalangondo ndi mlandu. Kumene amalola, usatchere pafupi ndi nyumba yokhalamo anthu kapena malo opumulirako a boma, utalikire makilomita 1.6. Pamgolo woikamo nyambo pakhale chikwangwani cha dzina lako ndi WIN, mozungulira pakhalenso zochenjeza odutsa. Kuyamba kuika nyambo ndi masabata awiri nyengo ya ulenje isanatsegulidwe, osati mwezi wathunthu. Kabuku ka malamulo kamatuluka chaka ndi chaka, uwerenge ka chaka chino wekha. "Anzanga anandiuza" sikupulumutsa munthu pamaso pa ofesala wa zanyama.

Usathamangire kuthengo tsiku loyamba. Zimbalangondo zimalowa m'mauna cha mu Okutobala kapena Novembala n'kutuluka mu Epulo, zazimuna patsogolo, zazikazi za ana pamapeto. Masabata awiri kapena atatu oyamba mimba imakhala isanadzuke bwino, zimangobudula msipu, maluwa a dandelion ndi tinsonga ta mitengo ya poplar. Ndiye mgolo ukakhala sabata osakhudzidwa usakwiye n'kuusamutsa. Kumpoto kwanuko zinthu zimayamba kukoma pakati pa Meyi. Kumapeto kwa Meyi kulowa mu Juni zimayamba kukwerana, ndipo zimphona zimene zinkabwera usiku wokhawokha zimatulukira dzuwa lilipo zikulondola zazikazi. Choipa chake, pofika nthawi imeneyo zambiri zayamba kudzikhula pamitengo, chikopa chimakhala cha zigamba.

Malo abwino ndi pamene pali madzi ndi zitsamba zowirira: m'mphepete mwa mtsinje, pafupi ndi damu la ma beaver (tinyama ta m'madzi tomanga madamu ndi mitengo), pamene nkhalango ya spruce ikumana ndi dambo. Mikwasa yowongoka imene makampani a mafuta anadula m'thengo kwanuko ndi yabwino kulowera, koma mgolo usauike pamkwasa penipeni. Chimbalangondo chachikulu sichiyenda poyera masana, chimafuna kufika pachakudya chikadali mumthunzi. Yang'ana ndowe, zikhadabo pamakungwa a poplar, mapazi m'matope. Phazi lakutsogolo likakwana masentimita 12 kapena 13 m'lifupi, chimenecho ndi chachimuna chokhwima. Ukumbukirenso kuti ndowa za makilo 20 uzinyamula ndiwe, masabata angapo. Mamita 200 kapena 300 kuchokera poimika galimoto ndi okwanira. Amene amatchera kilomita yathunthu m'matope a dambo lotitimira la muskeg amasiya sabata yachiwiri.

Mgolo ukhale wachitsulo, wa malita 205 uja, wotsukidwa bwino, osati wochokera ku mankhwala. Umange kumtengo waukulu ndi tcheni chodutsa m'mabowo awiri. Chingwe chimatafunidwa, ndipo mgolo wosamangidwa udzaupeza kutsidya kwa mtsinje. Wa chakudya chouma uboole timabowo ta masentimita 3 mpaka 5 kuti chikaugubuduza tizigwa pang'onopang'ono. Wa buledi ndi nyama ukhale ndi bowo limodzi la masentimita 15, lolowa dzanja lokha. Likakula, chimakumba zonse usiku umodzi, kapena chimanyamula nthuli n'kukadyera kutchire kumene suchiona. M'mphepete mwa bowolo upale ndi fayilo, chisadzicheke. Kumbuyo ndi m'mbali mwa mgolo uunjike zipika ngati chilembo V chotsegukira kumene wakhala, kuti podya chizikupatsa nthiti.

Nyambo ili mitundu iwiri, yoitana ndi yosunga. Yosunga ndi yotsika mtengo: oats wa m'matumba a ziweto, mbuliwuli, buledi ndi madonasi otsala a ku bekale, zonse zosakaniza ndi mafuta ophikira otha ntchito a ku malesitilanti. Thumba la oats la makilo 20 mpaka 25 limamwa malita 4 kapena 5 a mafuta, uonjezere molasses (uchi wakuda wa nzimbe) pang'ono. Mbuliwuli ndimazikonda chifukwa zimapepuka ponyamula ndipo chimbalangondo chimataya nthawi kutola imodziimodzi. Chokoleti usaikemo. Muli theobromine amene amapha nyama: ku New Hampshire mu 2014 anapeza zimbalangondo zinayi zitafera panyambo ya chokoleti, chaka chotsatira analetseratu. Mafuta ena uwathire pansi kutsogolo kwa mgolo. Chilichonse chopondapo chimanyamula fungolo kumapazi n'kukuitanira zinzake m'thengo lonse. Mgolo usagone wopanda kanthu masiku awiri, chachikulu chimasamukira kwa mnzako. Uzidzaza masiku awiri kapena atatu aliwonse, masana, nthawi yofanana, njira yofanana, kuti phokoso lako chilizolowere.

Yoitana ija ndiye yandisowetsa tulo chifukwa cha iwe. Palibe choposa mtembo wa beaver, umagula kwa otchera misampha, n'kuupachika pamtanda pakati pa mitengo iwiri, mamita atatu kapena anayi m'mwamba. Ena amaika mitu ya nsomba m'ndowa yotseka n'kuisiya padzuwa masabata awiri. Ena amaotcha uchi m'chitini pakachitofu mpaka utsi woyera utakwera, koma umenewo ndi moto, ndipo anthu a ku Fort McMurray safuna kukumbutsidwa za Meyi wa 2016. Boma likaletsa moto, uchi ukhale m'botolo. Tsono funso langa: ndowa ya nsombayo ikwera galimoto iti? Chifukwa ine ndikudziwa galimoto imodzi yokha pakhomo pako, yomwe alamu amakwera Lamlungu atavala zoyera za Mvano. Madzi ake akangodontha pakapeti, galimotoyo yatha. Sopo sachotsa, viniga sachotsa, ogula adzatsegula chitseko n'kubwerera chambuyo. Ana adzakana kutsikira pageti la sukulu. Akwaya adzayamba kunena kuti "tiyenda pansi, n'pafupi", kuzizira kuli -5. Mapeto ake nkhani idzafika kumudzi kuti mkamwini uja ku Canada akugulitsa nsomba zoola, ndipo apongozi ako adzaitanitsa ankhoswe. Ine ukhoswe wa fungo sindidzabwera. Ndowa ikhale ya chivindikiro cha mphira, ilowe m'matumba awiri, ikwere kumbuyo kwa pikapu ya anzakowo. Nsapato ndi magolovesi a nyambo zikhale zakezake, zisalowe m'nyumba, ndiponso usakwere nazo pansanja ya mumtengo yodikirirapo nyama, chifukwa chimbalangondo chimalondola mafuta mpaka pamakwerero.

Za kumudzi wamva kale. Aphunzitsi athu a masamu aja anatisiya, anaika Lachiwiri, ndipo ife tinangoonera pafoni zithunzi zosaoneka bwino. Zimawawa kulira maliro uli pabasi. Mwana wa amalume ako ukwati akuti mu Ogasiti, mndandanda wa zopereka watuluka, dzina lako lili pamwamba. Kuno chipale chasungunuka, misewu yangokhala maenje okhaokha, bondo langa likudandaula masitepe, ndipo shopu ya ufa ija yakwezanso mtengo.

Nsanja. Ya uta ikhale mamita 15 mpaka 20 kuchokera pamgolo, ya mfuti 40 mpaka 60, kutalika mamita anayi kapena asanu. Ukakwera kwambiri uli pafupi, chipolopolo chimatsika mopendekera n'kuboola papo limodzi lokha, ndipo cha papo limodzi chimapita kutali. Lamba wodzimangira kumtengo uvale usanachoke pansi. Alenje ambiri ovulala pantchitoyi amachita kugwa, osati kulumidwa. Maso a chimbalangondo usawadere nkhawa kwambiri ngati sukugwedezeka, mphuno ndiyo mdani. Mphepo ichoke kumgolo kubwera kwa iwe, ndipo kumbuyo kwako kukhale madzi kapena poyera, chifukwa chachikulu chimayamba chazungulira kumunsi kwa mphepo chisanatulukire. Madzulo mpweya ukazizira umatsetsereka kutsata chigwa, ndiye nsanja ya kumtunda kwa mgolo imatsanulira fungo lako panyambo pa ola lenileni lofunika. Mphepo ikalakwika tsiku limenelo, bwerera kunyumba. Ukachiphunzitsa kamodzi kuti mumtengo muli munthu, chizibwera 2 koloko usiku mpaka nyengo itatha. Kamera yomangirira pamtengo ikuuza amene akubwera ndi nthawi yake, koma uiike m'bokosi lachitsulo ndipo uigwire ndi manja opanda mafuta, apo ayi idzatafunidwa. Ukwere cha m'ma 4 koloko madzulo. Mu Meyi dzuwa kwanuko limalowa itapitirira 9 koloko, ndipo lamulo limakupatsa theka la ola dzuwa litalowa, basi. Udzudzu ndi tintchentche takuda zidzakuyesa chikhristu. Neti yakumutu ndi Thermacell, kachipangizo kothamangitsa udzudzu, osati kudziomba mbama.

Apa ndiye pamene ndikufuna umve, nthabwala pambali. Ubwino wonse wa nyambo ndi wakuti imakupatsa nthawi yoyang'anitsitsa, ndipo amene amaombera mphindi yoyamba waitaya ntchito ya mwezi wathunthu. Kupha chachikazi chimene chili ndi ana a chaka chino ndi mlandu, kupha mwanayo ndi mlandunso. Anawo amabadwa mu Januwale kapena Febuluwale, mu Meyi amakhala akuyamwa, mayi akafa nawonso apita. Vuto ndi lakuti mayiyo nthawi zambiri amawakweza mumtengo chapatali n'kubwera yekha. Ku Ontario anatseka ulenje wa nyengo ino mu 1999 pa nkhani yomweyi ya ana amasiye, ndipo unayamba kubwerera pang'onopang'ono mu 2014. Kuona maso a nkhono n'kudekha: chipatse mphindi 20 kapena 30. Chikamatembenukira kumodzimodzi, chikamadya mosakhazikika, chikamachoka n'kubwerera, mvetsera m'mitengo. Chikaimirira kufikira beaver uja, yang'ana kumimba, mawere oyamwitsa amaoneka. Ukakayika, chisiye.

Chimbalangondo chilichonse chimaoneka chachikulu kwa munthu woyamba kuchiona, makamaka iwe. Chaching'ono chimakhala ndi makutu ataliatali oyandikana pamwamba pa mutu, miyendo yaitali, ndipo chimalowa mwamantha, kuba kanthu n'kuthawa. Chachimuna chokhwima makutu amaoneka aang'ono, ali m'mbali, pachipumi pali kamzere kolowa, mimba ili pafupi ndi nthaka, manja onenepa mpaka kuphazi, ndipo chimayenda mopepesuka ngati mwini malo. Mgolo woimirira ndi wotalika pafupifupi masentimita 88, ndiye ndi muyeso wako: msana ukafika kumzere wapamwamba chili pamiyendo inayi, chimenecho ndicho. Mtundu usakunamize, zakuda zina ndi zofiirira. Grizzly, mtundu wina wa chimbalangondo, ali ndi linunda pamapewa, nkhope yolowa mkati, zikhadabo zazitali zosapindika kwambiri. Alberta inaimitsa ulenje wake mu 2006 ndipo mu 2010 inamuika m'gulu la nyama zoti zitha kutha. Kwanuko sawonekawoneka, koma anzakowo akakutengera cha ku Swan Hills kapena kumapiri akumadzulo, nkhani yasintha. Bear spray, mankhwala a tsabola opopera chimbalangondo chikakuukira, ikhale palamba, osati m'chikwama, ndipo popita kukadzaza mgolo uzipita ukuyankhula.

Mfuti ya .308 kapena .30-06 ndi yokwanira. Dikira chikupatse nthiti ndipo mwendo wakutsogolo wa mbali yako upite patsogolo. Ubweya wa kumimba ndi wautali, umanamiza kuti thupi latsika kwambiri, ndiye ambiri amaombera m'munsi. Loza pakati pa msana ndi mimba, chikhatho chimodzi kumbuyo kwa phewa, uboole mapapo onse awiri. Chikakhala pansi kapena chikakuyang'ana, usayese. Ukaombera, yang'ana kumene chalowera ndipo mvetsera, nthawi zambiri chimabuula mokweza chikamatsirizika. Ngakhale wamva, khala theka la ola. Ngati sunamve, ola lathunthu kapena kuposa, ndipo kukada udikire m'mawa. Magazi amavuta kulondola chifukwa mafuta amatseka bala, ubweya n'kumwa otsalawo. Muzilondola awiri, wina maso pansi, wina maso kutsogolo.

Senda usiku womwewo ngati wachipeza. Chikopa chakuda chimasunga kutentha, nyama imasasa kuyambira m'mafupa, ubweya n'kuyamba kuthothoka. Kutaya chikopa ndi mlandu ku Alberta, ndipo ndulu usagulitse kwa aliyense ngakhale atakunong'oneza mtengo wabwino. Nyama ya nyengo ino ndi yabwino, koma imatha kukhala ndi tinyongolotsi ta trichinella, ndipo ta kumpoto kuno sitifa mufiriji. Iphikidwe mpaka mkati mufike madigiri 74, uyeze ndi choyezera. Zokang'anitsa pamakala mkati muli mofiira, kapena kuyanika n'kumadya yosaphika, iwala. Nyengo ikatha ubwerere kukachotsa mgolo, tcheni, nsanja ndi zikwangwani zonse.

Chikopa ngati sukuchiika mufiriji, uchipale mafuta onse, uthire mchere wosalala wambiri mbali ya nyama, mpaka m'makutu, m'milomo ndi pakati pa zala, mawa lake ukutumule n'kuthira wina. Osachita zonse ziwiri, mchere umaletsa kuuma kwa mufiriji. Za mutu ndi kayezedwe kake ndimafuna ndikuuzenso, komanso za mimbulu ikayamba kuzungulira mgolo, chifukwa pamenepo zimbalangondo zimatha kungosowa, ndiye chochita ndi... pepala latha, ndipo shifiti yanga ndi 6 koloko. Undiuze nambala ya WMU yanuyo.

Ndine,
Mnzako wa ku Winnipeg