Akavalo am'tchire si opatsa buledi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi abale athu a muno mu Blantyre amene akapita ku South Africa kapena ku Namibia amapatuka kukaona akavalo am'tchire. Kuona si kulakwa, makamaka mwezi uno wa Meyi pamene masika akutha ndipo chisanu chikugogoda. Cholakwika ndi khalidwe lowayandikira ndi chakudya m'manja pofuna chithunzi chokaika pa Facebook.

Ambiri amafika ku Kaapsehoop, kamudzi ka ku South Africa ka pamwamba pa phiri pafupi ndi mzinda wa Mbombela, imene ena timaitchabe Nelspruit. Kumeneko akavalo amangoyenda okha m'tchire, m'mphepete mwa msewu ngakhale pakati pa nyumba. Poona kufatsa kwawo munthu amaganiza kuti ndi ziweto, n'kutulutsa buledi, masikono kapena chimanga. Apa m'pamene pagona vuto. Kavalo ali ndi chifu chaching'ono chozolowera udzu wolowa pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo satha kusanza. Akadya chakudya chaufa chambiri nthawi imodzi, chimakasasa m'matumbo, mpweya umadzaza, mimba imapotokola, mwina mpaka kufa. Chachiwiri, kavalo amene walandirapo chakudya pawindo la galimoto amaphunzira kudikira pamsewu. Phiri limenelo limakutidwa ndi nkhungu ngati ya chiperoni chathu chija, dalaivala amadzamuona ali kale pamphuno pa galimoto.

Ndiye muwaone bwanji? Fikani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, nthawi imene amadya kwambiri. Imani pa mtunda wa mamita osachepera 30, ndipo ngati pali kamwana onjezerani. Mphepo izikuwombani kumaso, dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Zoonera patali za 8x42, zimene zimakulitsa chinthu kasanu ndi katatu, zimakwanira. Zamphamvu kuposa apo zimanjenjemera m'manja, makamaka zala zikazizidwa. Galu asiyeni kunyumba. Musawalunjike, yendani chammbali, mukaima pang'ono n'kupitanso. Kavalo amaona pafupifupi mbali zonse kupatula kumbuyo kwenikweni ndi pansi pamphuno pake, choncho womudzera kumchira amamudzidzimutsa, yankho lake ndi theche.

Makutu ndiwo amanena zonse. Akaloza kutsogolo, mutu uli m'mwamba, wakuonani ndipo akukuyezani. Kavalo akayamba kupumira m'mphuno mwamphamvu, anzake n'kusiya kudya, mwafika kale pafupi kwambiri. Makutu akagonekera kumbuyo, bwererani msangamsanga koma osathamanga. Gulu limakhala ndi wamphongo mmodzi, aakazi angapo ndi ana awo, pamene amphongo achinyamata amayenda kagulu kawokawo. Musaime pakati pa wamphongo ndi aakazi ake, kapena pakati pa mayi ndi mwana. Mukapeza mulu waukulu wa ndowe pamphambano ya tinjira tawo, dziwani kuti ndi amphongo amaunjika pamalo amodzi pofuna kudziwitsana amene wadutsa.

Nyengo ino ili ndi zake zoti muyang'ane. Ubweya umakhala ukukula ndi kukhuthala, ndipo chimauyambitsa ndi kufupika kwa masana, osati kuzizira kokha monga ambiri amaganizira. Udzu ukuuma ndi kutha mphamvu, ndiye yang'anani nthiti ndi mafupa a m'chiuno a aakazi oyamwitsa: amene akuoneka nthiti mu Meyi adzavutika kufika mvula. Bere la kavalo limatenga miyezi pafupifupi 11, choncho ambiri mwa aakazi amenewa akuyamwitsa ali ndi bere lina.

Ku Namibia zinthu n'zosiyana. Akavalo a m'chipululu cha Namib amamwa pa Garub, makilomita pafupifupi 20 kumadzulo kwa Aus, pamsewu wa B4 wopita ku Lüderitz. Chitsime chake chidakumbidwa kuti chizipereka madzi ku sitima zapamtunda, ndipo akavalowo akhalako kuyambira nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pali kashedi koonera, khalani momwemo. Kukatentha amabwera kudzamwa pafupifupi tsiku lililonse, koma kukazizira amatha masiku atatu osamwa chifukwa amakadya kutali. Wofika mu Meyi akhale woleza mtima, atenge juzi ndi madzi akeake, angakhale maola akungoona nthiwatiwa basi. Chilala ndi afisi ogwira tiana zidachepetsa kwambiri gulu limeneli, kotero kulibalalitsa pomwera madzi ndi nkhanza.

Apa ndinenepo kuti magulu onse awiriwa ndi zidzukulu za akavalo oweta amene adatayika kapena kusiyidwa. Wam'tchire weniweni ndi wa Przewalski wa ku Mongolia, amene adatha m'tchire m'zaka za m'ma 1960 ndipo adabwezeretsedwa ku malo otetezedwa a Hustai m'dzikomo mu 1992.

Wina angafunse chifukwa chake kuno kwathu kulibe. Kumadera otsika ndi otentha kavalo amathera ku matenda ofalitsidwa ndi kashembe, komanso ena ofalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, toluma dzuwa likamalowa ndi mbandakucha. Tizilomboti timachepa kumalo ouma ndiponso chisanu chikawaula udzu, n'chifukwa chake phiri lozizira ndi chipululu zimawasunga. Mbidzi zimapirira matendawa. Amene alibe ya ulendo wakunja akhoza kuphunzira zonsezi pa mbidzi za ku Majete, m'boma la Chikwawa, kapena pa Nyika: makutu, magulu ndi theche n'zofanana. Koma ku Majete musatsike m'galimoto popanda woperekeza, kuli mikango ndi njovu.

Wokonda zachilengedwe,
Chilomoni, Blantyre