Lipoti la msonkhano wa ku Lilongwe: kuika mwana mafuta a m'mafupa

A Wapampando ndi makolo anzanga a ana odwala matenda a magazi a sickle cell kuno ku Mzuzu, ndabwerako kumene munandituma. Za mankhwala a hydroxyurea mukuzidziwa kale, ndizidumpha. Funso lomwe munandisenzetsa linali lakuti, kodi kuika mwana mafuta a m'mafupa a munthu wina kumachizadi?

Kumachiza ndithu. Koma adokotala anakhalitsa pa vuto lotchedwa GVHD. Mafuta aja sabwera okha, amabwera ndi asilikali a m'thupi la woperekayo. Asilikaliwo akaona kuti thupi alowamo si lakwawo, amayamba kulithira nkhondo. M'masiku 100 oyambirira amakonda kugwira khungu, chiwindi ndi matumbo: zidzolo, chikasu, kutsegula m'mimba kosalekeza. Anationetsa chithunzi cha zikhatho za mwana zitafiira ngati wagwira mphika wapamoto. Tonse tinangoti zii.

Gwero lake ndi chibadwa. Ambirife tinkaganiza kuti gulu la magazi likafanana ndiye kuti zatheka. Ayi. Amayang'ana zizindikiro zotchedwa HLA, zimene mwana amatengera theka kwa mayi, theka kwa bambo. Ana a mayi mmodzi ndi bambo mmodzi, mwayi woti afanane ndendende ndi umodzi mwa 4 basi. Ngakhale afanane, tizizindikiro tina ting'onoting'ono timasiyanabe. N'chifukwa chake mlongo akapereka kwa mchimwene wake chiopsezo chimakulirapo, makamaka ngati anakhalapo ndi pakati. Kufuna wopereka wachilendo n'kovutanso, poti ife a mu Africa HLA yathu ndi yamitundumitundu kuposa anthu ena onse, ndipo m'kaundula wa opereka tilimo ochepa.

Ziwiri zinandilimbitsa mtima. M'bale amene ali ndi AS, kutanthauza kuti anatengera chibadwa cha sickle cell kwa kholo limodzi lokha ndipo sadwala matendawa, angathe kupereka. Komanso mayi kapena bambo, ngakhale amafanana theka lokha, masiku ano amapereka, mwana n'kupatsidwa mankhwala a cyclophosphamide oteteza ku GVHD pakatha masiku atatu komanso anayi chimuikireni mafutawo, njira yomwe inayambira ku chipatala cha Johns Hopkins ku America.

Pempho langa ndi ili: banja lisagulitse poloti yake ku Chibavi kapena ku Luwinga kufuna ndalama ya ulendo wa ku India wokaikitsa mwana mafutawa lisanayezetse HLA ya ana onse ndi kumva bwino za GVHD kwa adokotala. Ndikupempha kuti tiikambirane nkhaniyi Loweruka likubwerali. Malisiti a ulendo ndapereka kwa amsungichuma.