Achimwene anga si chidakwa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule m'malo mwa achimwene anga, poti iwo lilime linalemera chifukwa cha matenda a ubongo otchedwa ataxia. Ali ndi zaka 34 ndipo mowa sanaulawepo, koma akamadutsa pamsika anyamata a kabaza amakuwa kuti, "Madala, mwalawirira kachasu!" Amayenda dzandidzandi atatang'adza miyendo. Mayi athu anayamba chimodzimodzi atapitirira zaka 40, ndipo malume awo anapita kumanda anthu akunena kuti anawalodza.

Kuchipatala china anangoona dzanja likugwedezeka n'kulemba mankhwala a Parkinson's. Anamwa miyezi isanu, osasintha. Dokotala wa ubongo amene tinamupeza pambuyo pake sanathamangire cholembera. Anawauza kuti akhudze mphuno yawo ndi chala. Ndinaona ndekha: dzanja lili pantchafu linali phee, koma poyandikira mphuno linayamba kugwedezeka mpaka chala chinakagwera patsaya. Wodwala Parkinson's dzanja limanjenjemera likangokhala, thupi limauma, ndipo amayenda mokwakwaza mapazi chifukwa ubongo ukuperewera mchere wina wotchedwa dopamine, amene mankhwala a levodopa amabwezeretsa. Koma ataxia, imene dokotalayu anawapeza nayo achimwene, imawononga cerebellum, kachigawo ka ubongo kakunkhongo kamene kamawongolera mayendedwe, ndiye levodopa kawirikawiri sathandiza.

Chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti mtundu wa ataxia wa m'banja mwathu umayenda m'magazi mofanana ndi matenda a Huntington's, aja munthu amangophiriphitha osafuna. Onsewa amabwera kachidutswa ka DNA kotchedwa CAG kakabwerezedwa mopyola muyezo. Kholo limodzi likakhala nawo, mwana aliyense ndi theka ndi theka, kutengera kapena kupulumuka, ndipo nthawi zambiri amayamba msanga kwa ana kuposa kwa makolo. N'chifukwa chake achimwene anayamba asanafike msinkhu umene mayi anayambira. Ine ndili ndi ana awiri, ndipo wamkulu akapunthwa pabwalo mtima umandithawa. Si matenda a azungu okha ayi: mtundu wina wa ataxia wotchedwa SCA7, umene umaononganso maso, unapezeka m'mabanja a anthu akuda ku South Africa ndi ku Zambia.

Mankhwala ochiritsa kulibe, koma mafizo awathandiza achimwene kunyamula kapu ya tiyi osadzikhuthulira. Pempho langa kwa azachipatala ndi limodzi: munthu akabwera akudzandira, musayambe n'kumununkhiza m'kamwa. Mufunseni kuti mayi ake, bambo ake ndi agogo ake ankayenda bwanji.

Mlongo wodandaula,
Dedza